Mmene mungayambire kuyendera agogo a m'mudzi mwanu

Kuno ku Mpondasi, m'boma la Mangochi, tili ndi kagulu kongodzipereka koyendera okalamba, ndipo achinyamata amakonda kundifunsa kuti iwo angayambe bwanji. Ndimawauza kuti thumba la ufa liyambe ladikira, apite kaye kwa amfumu. Mukachoka kumeneko onanani ndi a komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC) komanso mlangizi wa zaumoyo wa dera lanu. Amenewa ndiwo amadziwa khomo limene utsi sukufuka, amene ali pa Mtukula Pakhomo ndi amene anatsalira. Mukawadumpha, mawa lake mumva kuti mwatumidwa ndi chipani.

Ulendo woyamba pitani awiri. Odirani, khalani pamphasa, perekani moni mosathamanga. Agogo ambiri kuno amamasuka m'Chiyao, moti "Ajimwiche uli?" yekhayo amawasangalatsa. Kenaka funsani chimene chikuwasowetsa tulo, musawaganizire.

Ine pamenepa ndinalakwitsapo. Ndinapita kwa agogo ena ndi shuga ndi sopo, iwo n'kulandira ndi manja awiri. Atandilowetsa m'nyumba ndinaona kuwala kukulowera kudenga, pamwamba penipeni pa mphasa yawo, ndipo pambali panali beseni lakale lotchera madzi. Anati, "Mwana wanga, shugayu ndimwera phala, koma mvula ikagwa ndimachezera chokhala." Mpaka lero mawu amenewa sandichoka.

Kuyambira pamenepo ntchito yathu yaikulu ndi denga. Udzu mwetani mu Juni kapena Julayi tchire lisanapse, muumange m'mitolo n'kuusunga pamalo pokwera chifukwa cha chiswe. Folerani mu Okutobala, musadikire mitambo. Chotsani udzu wakale wonse, mitengo yofumbwa musinthe, yalani pepala la pulasitiki, kenaka udzu kuyambira m'munsi kukwera kumtunda, mukumanga ndi luzi. Abambo ali pamwamba, amayi azimata ming'alu ndi kuzira pansi. Musachoke musanapachike neti bwinobwino, chifukwa udzudzu wa m'mbali mwa Shire ndi nyanja ya Malombe tonse tikuudziwa.

Chakudya chimafunika kwambiri mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitauma. Ife timasonkha pang'onopang'ono nthawi yokolola. Ufa wa phala timapanga chonchi: mbale 4 za chimanga, mbale 1 ya soya wokazinga, n'kukagayitsa pamodzi. Pophika onjezerani nsinjiro kapena usipa wouma wosinja, poti ambiri mano anatha. Kumbukirani kuti makomo ambiri ndi a Asilamu. Lachisanu masana ndi nthawi ya kumzikiti, nyama musatenge ngati simukudziwa amene wazinga, ndipo m'mwezi wa Ramadan chakudya chifike chakumadzulo.

Mankhwala musapereke a m'thumba mwanu. Agogo akadwala, pezani kabaza, tengani buku lawo la kuchipatala, muwaperekeze ndi kudikira nawo pamzere.

Pali china chimene chimandiwawa. Nkhalamba yokhala yokha, yoiwalaiwala, anthu sachedwa kuiloza chala kuti ndi mfiti. Lamulo la dziko lino la 1911 limaletsa kutchula munthu mfiti, koma chimene ndaona chikuteteza agogo ndi anthu kuona kuti pakhomo pawo pamafika alendo. Mukamva manong'onong'o otere, kadziwitseni amfumu ndi a chitetezo cha m'mudzi tsiku lomwelo. Foni nayonso ikhale m'thumba. Agogo ovala sanza sanakupempheni kuti muwaike pa Facebook.

Musalonjeze malata pamene mulibe. Sankhani tsiku limodzi pasabata, kwathu ndi Lachiwiri m'mawa, ndipo muzifika ngakhale mulibe kanthu m'manja. Mukatunga ndowa ziwiri pamjigo, muwaze nkhuni, musese pabwalo, kenaka lembani m'kope zimene mwapeza kuti amene akubwera sabata yamawa adziwe poyambira.