Gemu yawamba ya pa PC ikamaoneka zosakhala bwino mu VR, yambirani ku monita

Anthu ambiri akangopeza Quest 2 kapena Quest 3, mahediseti a VR (virtual reality) ovala kumaso aja, amafuna aone gemu yawo ya masiku onse, kaya ya mpira kaya ya magalimoto, pa chisikirini chachikulu mkati mwa hediseti. Zimatheka ndithu, mapulogalamu ake alipo, pali Virtual Desktop, pali Steam Link, pali Bigscreen komanso Quest Link ya chingwe ija. Koma chithunzi chikabwera chakuda bii, kapena chachimbuuzi, kapena chikudumphadumpha, anthu amathamangira kukasokoneza maseting'i a hediseti pomwe vuto nthawi zambiri lili ku PC konko. Gemu yawamba, yosapangidwira VR, sidziwa n'komwe kuti mwavala chinthu kumaso. Iyo imangojambula chithunzi cha pa monita yanu basi, ndiye pulogalamu ina ija imatapa chithunzicho, kuchipanikiza kuti chikhale vidiyo, n'kuchitumiza ku hediseti. Chimene monita ilibe hediseti singachitenge kwina. Choncho vulani kaye hedisetiyo muone pa monita ngati gemu ikuyenda bwino, ndipo posintha muzisintha chinthu chimodzi n'kuyesa, osati zisanu kamodzi chifukwa simudziwanso kuti chakonza ndi chiti.

Tiyambe ndi mdima uja. Desktop ikuoneka bwinobwino, mwatsegula gemu, phokoso likumveka koma chithunzi palibe. Kawirikawiri gemuyo imakhala ili pa Exclusive Fullscreen, yalanda sikirini yonse moti pulogalamu yotapa ija ikulephera kuona. Pitani ku maseting'i a gemu, pa Display kapena Video, musankhe Borderless Windowed, magemu ena amalemba Windowed Fullscreen, ndi chimodzimodzi. Ngati simukutha n'kufika komwe pa menyu dinani Alt ndi Enter pamodzi, magemu ambiri amatuluka mu fullscreen. Amene muli ndi mamonita awiri onaninso kuti gemu yatsegukira pati, chifukwa imakonda kupita ku monita imene Windows imaitenga ngati yaikulu pomwe inu mu hediseti mukuyang'ana inayo.

A malaputopu muli ndi vuto lanulanu apa. Malaputopu a magemu amakhala ndi ma GPU awiri (GPU ndi chipangizo chojambula zithunzi mu kompyuta), kakang'ono ka Intel kapena AMD kosunga batire, ndi yamphamvu ya NVIDIA kapena Radeon. Gemu ikamayendera pa ina, pulogalamu yotapa ili pa ina, mutha kuona mdima kapena chithunzi chokoka miyendo. Mu Windows 11 lowani Settings, System, Display, Graphics, mupeze gemuyo muyiike pa High performance. Ndipo chaja ikhale yolumikiza. Magetsi akazima n'kumasewera pa batire laputopu imachepetsa yokha mphamvu ya GPU, palibe seting'i imene ingakupulumutseni pamenepo, ingodikirani abwere.

Mitundu ikamaoneka yambuu ngati chovala chochapidwa kambirimbiri, ameneyo ndi HDR, seting'i yowalitsa kwambiri chithunzi ndi mitundu. Ma Quest saonetsa HDR, ndiye chithunzi chotapidwa chili pa HDR nthawi zambiri chimafika chofuwira. Thimitsani mu gemu komanso mu Windows, njira yachidule ndi Win, Alt ndi B. Chithunzi chikakhala chachikasu onani Night light.

Tsopano nkhani ya chimbuuzi, apa ndi pamene ambiri amataya nthawi. Mu SteamVR, pulogalamu ya Steam yoyendetsa VR pa PC, muli kachinthu kokoka kolembedwa Render Resolution, anthu amakakweza mpaka kumapeto n'kumadabwa kuti zilembo za mu gemu sizikuwerengekabe. Kameneko kamakhudza magemu enieni a VR ndi chipinda chimene mwakhalamo chija, koma gemu yawamba imajambulidwa pa resolution imene mwaiika mu gemu momo, yomwe imathera pamene monita yanu yathera. Ngati laputopu yanu ndi ya 1366x768, madontho omwewo ndi amene akutambasulidwa pa sikirini yaikulu ngati khoma, nanga angaoneke bwanji bwino? Njira zilipo. Pa NVIDIA Control Panel, Manage 3D settings, pali DSR Factors, pa AMD amati Virtual Super Resolution, zonsezi zimalola gemu kujambula pamwamba kuposa monita. Kungoti pa malaputopu ambiri a ma GPU awiri DSR sipezeka pa sikirini ya laputopuyo, ndiye lumikizani TV ya 1080p pa HDMI, kapena mugule ka HDMI dummy plug, kachinthu kakang'ono kongosomeka komwe kamanamiza kompyuta kuti pali monita ina.

Komanso musapitirire muyeso. Quest 2 ili ndi madontho 1832x1920 pa diso lililonse, Quest 3 ili ndi 2064x2208, ndipo sikirini ya gemu ija imangotenga gawo la madontho amenewa, osati onse. Kwa ine 1440p ndi pabwino kwambiri, 1080p ndi yokwanira ngati GPU ili yofooka, koma 4K mukungotenthetsa makina pachabe, zambiri mwa zimenezo diso silizilandira n'komwe. Sikirini yomweyonso musaikulitse mpaka kumachita kutembenuza khosi kuti muone mapu pakona, ibwezeni kumbuyo pang'ono kapena muichepetse mpaka makona onse anayi aoneke mutu uli chilili. Zikakhalabe zosaoneka bwino ngakhale pa menyu ya hediseti yeniyeniyo, ndiye si PC ayi, pukutani magalasi ndi kansalu kofewa ndipo mukonze mpata wa pakati pa magalasiwo. Quest 2 ili ndi malo atatu, 58, 63 ndi 68 mm, mumangokankha magalasiwo ndi zala, Quest 3 ili ndi kagudumu pansi.

Mausi ikamadina pena pomwe inu mwaloza pena, kapena gemu yadulidwa mbali imodzi, ndi Scale ya Windows imene ili pa 125% kapena 150%. Ibwezeni pa 100%, kapena dinani kumanja pa fayilo ya gemu, Properties, Compatibility, Change high DPI settings, muchonge Override n'kusankha Application.

Kudumphadumpha kuja ndiye kumafuna kamasamu pang'ono, ndipo ndi kumene kumabweretsa chizungulire ndi mseru ngati mukukusiya. Monita yanu ikakhala ya 60 Hz imatulutsa zithunzi 60 pa sekondi. Hediseti ikakhala pa 72 Hz ikufuna 72, ndiye zithunzi 12 zimabwerezedwa, zina zimaoneka kamodzi zina kawiri, ndipo mukamatembenuza kamera mumaona ngati ikugwiragwira ngakhale kauntala ikunena kuti 60 fps (zithunzi pa sekondi) yosasuntha. Pa 90 Hz n'chimodzimodzi, sizigawika mofanana. Chofunika ndi choti manambala awiriwa agwirizane. Monita ya 60 iyendere limodzi ndi hediseti pa 120, chithunzi chilichonse chimaoneka kawiri mofanana, kungoti batire ya hediseti imatha msanga. Monita ya 144 ndiye ikani hediseti pa 72 n'kutsekera gemu pa 72 fps, ya 120 ikani 120. Kutsekera kumeneku mutha kuchita mu gemu kapena pa Max Frame Rate mu NVIDIA Control Panel, ndipo n'kofunika kwambiri chifukwa GPU ikuyenera kutsala ndi mpata wopanikizira vidiyo ija, ikakhala pa 100% ndi gemu yokha chithunzi cha mu hediseti chimadukaduka pomwe pa monita chili bwino. Motion blur, depth of field ndi film grain thimitsani, film grain imadya bitrate, kuchuluka kwa data ya vidiyo yotumizidwa pa sekondi, ndipo zinazo zimazunguza mutu.

Zikamaoneka timabokosi makamaka pa udzu kapena gemu ikathamanga, imeneyo ndi netiweki ya m'nyumba, osati bandulo, chithunzi chimangoyenda kuchoka pa PC kupita pa rauta n'kufika kumaso kwanu osatuluka panja. PC ikhale pa chingwe cha ethernet, hediseti pa 5 GHz m'chipinda chomwecho ndi rauta. Ka MiFi ka 2.4 GHz sikangathe ntchito imeneyi, bola chingwe cha USB 3 ndi Quest Link. Bitrate yambani pansi n'kumakweza pang'onopang'ono, codec (njira yopanikizira vidiyo) ya HEVC imaoneka bwino pa bitrate yochepa, ya AV1 imafuna Quest 3 ndi GPU yatsopano ngati RTX 40.

Ena mukufuna kulowa mkati mwenimweni mwa gemu, osati kungoonera pa sikirini. Zimenezo ndi za vorpX, yomwe ndi yogula, kapena UEVR, yaulere, imene imagwira magemu opangidwa ndi pulogalamu ya Unreal Engine 4 ndi 5 okha. Apa gemu imajambulidwa kawiri, diso lililonse chake, ndiye tsitsiranitu magilafiki, thimitsani HDR ndi frame generation musanayambe. Diso limodzi likamaona mithunzi ina linalo ina, tsegulani menyu ya UEVR ndi batani la Insert musinthe Rendering Method kuchoka pa Native Stereo kupita pa Synchronized Sequential, imalemera koma imakonza zambiri zotere. Chonde musayese mapulogalamu amenewa pa magemu a pa intaneti okhala ndi anti-cheat yogwira obera, amatha kukutengani ngati mukubera n'kukutsekerani akaunti yonse.