Momwe mungaphunzirire nyimbo ya tenala ya Chijeremani pomvera a Siegfried Jerusalem

Ndaimba tenala m'kwaya ya kutchalitchi kwathu kwa zaka zambirimbiri, ndipo chaka chatha ndinadzipatsa ntchito imene anzanga anaitcha misala: kuphunzira nyimbo imodzi ya opera (sewero loimbidwa) ya Chijeremani mpaka kuiimba pagulu. Wondiphunzitsa ndinalibe. Amene ndinawasandutsa aphunzitsi anga, iwo osadziwa n'komwe kuti kunja kuno kuli ine, ndi a Siegfried Jerusalem, tenala wa opera wa ku Germany.

Ndinawasankha chifukwa cha njira imene anayenda. Anabadwa mu 1940 ku Oberhausen, ndipo ku sukulu ya nyimbo ya Folkwang ku Essen chimene anapitira sichinali kuimba ndi pakamwa. Ankaphunzira basuni, chitoliro chachitali chamtengo cha mawu a besi chija. Anachiliza m'magulu a okesitira kuyambira 1961 mpaka 1977, gulu lomaliza linali la wayilesi ya ku Stuttgart, kwinaku akuphunzira kuimba chapambali. Mu 1975 gulu lawo likujambula sewero loimbidwa la Der Zigeunerbaron la pa TV, tenala wa ku Italy, Franco Bonisolli, analephera kubwera, ndipo wa basuni uja anadzuka pampando n'kuimba m'malo mwake. Apo n'kuti ali ndi zaka 35. Pofika 1977 anali akuimba ku Bayreuth, kunyumba ya masewero a Richard Wagner, wopeka nyimbo za opera, mu 1980 ku Metropolitan Opera ku New York. Atakula anakaphunzitsa kaimbidwe ku Hochschule für Musik ya ku Nürnberg, ndipo kwa zaka zingapo ndiwo ankatsogolera sukuluyo. Munthu amene anayamba mochedwa chonchi, mpweya atauphunzira kale pa chitoliro, kaimbidwe kake kamamveka poyera pamene akupuma ndi pamene akusunga mphamvu. Wophunzira payekha amafuna zimenezo.

Choyamba: sankhani nyimbo ya msinkhu wanu

Ine ndinatenga "Winterstürme", nyimbo ya Siegmund, munthu wa m'sewero amene akuimbira wokondedwa wake Sieglinde, ya m'gawo loyamba la Die Walküre, sewero la Wagner limene linaonetsedwa koyamba ku Munich mu 1870. Imatenga mphindi zitatu zokha, siikwera mopitirira, ndipo ndi ya chikondi, si ya nkhondo. Musathamangire nyimbo za Siegfried kapena za Tristan, anthu a m'masewero ena a Wagner, chifukwa choti mwazimva zikugunda. A Jerusalem eniake anaimba Siegfried ku Bayreuth mu 1988 ali ndi zaka 48, Tristan mu 1993 ali ndi zaka 53. Ngati katswiri anadikira chonsecho, ife a kwaya ya Lamlungu tikuthamangira chiyani?

Chachiwiri: pezani chojambulidwa chenicheni

Apa ndi pamene ndinagwa chagada, ndiye mundilole ndichedwepo.

Chimene mukufuna ndi Die Walküre imene inajambulidwa ku Dresden mu 1981, wotsogolera Marek Janowski, a Jerusalem akuimba Siegmund, Jessye Norman akuimba Sieglinde. Pofufuza lembani dzina lawo lonse pamodzi ndi dzina la nyimbo. Mukalemba "Jerusalem" pokha mudzapeza nyimbo za m'buku ndi nkhani za mzinda uja. Mukalemba "Siegfried" pokha mudzapeza sewero la dzina lomwelo loimbidwa ndi anthu ena.

Ine poopa kutha kwa bandulo ndinapita kwa mnyamata wina woika nyimbo m'mamemori khadi pamsika. Ndinamulembera dzina papepala, iye n'kundiuza kuti ndibwere mawa. Mawalo anandipatsa khadi, ndinalipira, ndinapita kunyumba ndikumwetulira. Mawu anali a Jerusalem ndithu, pamenepo sananame. Chimene sindinadziwe n'chakuti anatenga nyimboyo kwa munthu amene anaithamangitsa pang'ono. Ena amachita dala zimenezi poika nyimbo pa intaneti, kuti makompyuta oteteza eni nyimbo asaizindikire. Nyimbo ikathamangitsidwa motero imakweranso. Yanga inali itakwera pafupifupi theka la toni.

Theka la toni limaoneka laling'ono papepala, koma tenala aliyense amadziwa malo aja pafupi ndi F ndi G pamene mawu amafuna kusintha giya. Nyimbo imeneyi imazungulirazungulira pomwepo. Itakwera, mizere imene ndikanaiimba momasuka inakhala ikundikanda kummero. Ndinaganiza kuti vuto ndi ulesi wanga, ndiye ndinawonjezera mphamvu. Madzulo aliwonse ndinkavala mahedifoni, kukweza voliyumu mpaka pamapeto, n'kumapikisana ndi munthu amene kumbuyo kwake kuli okesitira yathunthu. Ndi mahedifoni m'makutu munthu sudzimva, umangokuwa. Mayi a kunyumba anandiuza kangapo kuti, "Bambo, anthu aganiza kuti kuno kwagwa maliro." Ine osamva.

Patatha masabata atatu ndinadzuka mawu atasasa. Ngakhale kupereka moni kunali kovuta. Loweruka limenelo kwaya yathu inali ndi ukwati, ndipo ine amene ndimayambitsa mzere wa tenala ndinakhala pabenchi ngati mlendo. Anakwaya ena anandibweretsera tiyi wa jinja ndi ndimu, wina uchi, wina maswiti a pakhosi amene ndikukayika ngati anali a kufamase. Zonsezi zimangoziziritsa pakhosi. Chimene chinandichiritsa ndi kukhala chete masabata awiri, kumwa madzi ambiri, ndiponso kusanong'ona, chifukwa kunong'ona kumatopetsanso mawu. Kusasa kukapitirira masabata awiri kapena atatu pitani kuchipatala, musamangodalira ndimu.

Chinyengocho chinadziwika mwangozi. Mtsikana amene amatiimbira kiyibodi anamvera khadi lija, anagunda B flat, n'kundiyang'ana. "Achimwene, nyimbo yanuyi ili mu B, koma papepala alemba B flat." Choncho musanaimbe ngakhale noti imodzi, yesani chojambulidwa chanu pa kiyibodi kapena pa apu ya tyuna ya m'foni, zaulere zilipo zambiri. Do wa nyimboyi ndi B flat. Mukaona kuti yakwera katsitsi kokha musadandaule, magulu a ku Germany amachuna noti ya A pamwamba pang'ono pa muyezo wozolowereka wa 440, nthawi zambiri pa 442 kapena 443. Koma ikafika pa B, itayeni. Ndalama imene ndinapulumutsa pa bandulo inathera pa jinja.

Kanthu kena pomwepa. Musamatsanzire kukula kwa mawu. Ku Bayreuth okesitira imakhala m'dzenje lovindikiridwa pansi pa siteji, ndiye oimba samenyana nayo monga momwe timaganizira. Mu situdiyo muli maikolofoni. Zimene mukumva m'makutu mwanuzo si zimene munthu amachita ndi khosi lokha. Ikani foni patebulo, voliyumu yapakati, khutu lanu lizimva mawu anu.

Chachitatu: manotsi

Wagner anamwalira mu 1883, ndiye manotsi ake ndi aulere pa IMSLP, tsamba la pa intaneti losunga manotsi a nyimbo zakale. Tengani buku la mawu ndi piyano, osati la okesitira yonse, ndipo musindikize masamba a nyimbo yokhayo. Mnzanga wina anangopereka fayilo yonse kwa osindikiza osanena masamba, anamupeza atamutulutsira mulu wonga wa mayeso a fomu folo, bilu yake osanena. Ambirife tinakulira solofa, choncho sinthani mzere wa tenala kukhala do re mi, sindikuphunzitsani zimenezo. Chenjerani ndi nthawi yake basi: ndi 9/8, kugunda kutatu, kulikonse kogawika patatu. Iyende ngati bwato pamadzi odekha. Mukaiwerenga ngati ya perete yafa.

Chachinayi: katchulidwe

Lilime lathu lili ndi zizolowezi ziwiri zimene Chijeremani sichikhululuka. Choyamba, ife liwu lililonse timalitsekera ndi vawelo, n'chifukwa chake buku, sukulu, tebulo. Mawu ambiri a Chijeremani amathera pa konsonanti, ndipo ukawonjezera "i" kapena "u" wawonjezera silabulo imene ilibe noti yake. Chachiwiri ndi l ndi r, amene kwa ife ndi mapasa, timangosinthanitsa. Kwa iwo ndi anthu awiri osiyana. Poimba, r muzimugubuduza kunsonga kwa lilime.

Zina n'zosavuta. W amatchulidwa v, v nthawi zambiri ndi f, z ndi ts amene ife tili naye kale mu tsiku ndi tsamba, st kumayambiriro kwa liwu ndi sht. Pa ü ikani milomo ngati mukuti u koma lilime linene i. Wagner ankalemba yekha mawu a masewero ake, ndipo m'seweroli ndakatulo yake imadalira mawu oyamba ndi chilembo chofanana, ndiye makonsonanti oyambirirawo ndiwo ng'oma ya nyimbo. Mverani momwe a Jerusalem amawatchulira noti isanafike, kuti vawelo igwere pa kugunda penipeni. Ine ndinatha sabata yathunthu ndikungolankhula mawuwo osaimba, m'minibasi, pochapa, paliponse.

Chachisanu: mpweya

Tengani pensulo, mverani katatu, ndipo paliponse pamene mwamva akupuma ikani kachizindikiro. Mudzadabwa kuti sapuma mothamanga ngati munthu wotuluka m'madzi. Mpweya umalowa mwakachetechete m'munsi mwa nthiti, mapewa osakwera, n'kumatuluka pang'onopang'ono mofanana, monga amachitira woliza chitoliro. Yesani ndi kapaipi kakumwera m'kapu ya madzi: uzirani thovu lofanana kwinaku mukung'ung'udza mzere wa nyimbo. Thovu likamadumphadumpha ndiye kuti mukukankha. Pamene iwo adutsa mzere wautali osapuma, inu pumani pakati, koma pakoma, osati pakati pa liwu. Palibe adzakumangeni.

Chachisanu ndi chimodzi: kulumikiza

Mphindi 20 patsiku zakwana, mutayamba mwatenthetsa mawu. Mizere iwiri iwiri, motsitsa kaye. Dzijambuleni pa foni ndipo mumvere mawa lake, osati pompo, chifukwa pompo munthu umadzikomera mtima.

Chomaliza: woimba piyano

Mupatseni masamba kutatsala mwezi kuti muimbe, mbali yake ndi yovuta kuposa mmene imaonekera, ndipo mumugulireko kenakake. M'seweromo nyimboyi siima, Sieglinde amangoilandira, ndiye gwirizanani pothera, kodi ya B flat ndi yokwanira. Ngati kiyibodi ili ndi batani la transpose, litsitseni theka la toni tsiku limene khosi lalemera. Ine ndinaiimba pa konsati ya kwaya yathu mu A, mayi a kunyumba atakhala kutsogolo, ndipo pa anthu onse anali muholomo amene anazindikira kuti ndatsitsa ndi wa kiyibodi yekha.