Momwe mungadutsire chipululu cha Namib pa njinga yakapalasa

Msewu wa C14, wochokera ku Walvis Bay m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic kupita ku Solitaire m'dziko la Namibia, ndi wotalika pafupifupi makilomita 230, ndipo gawo lake lalikulu ndi la miyala ndi fumbi. Pa makilomita oposa 100 oyambirira simupeza mudzi, golosale kapena mjigo, choncho amene akufuna kuupalasa pa njinga ayenera kukonza ulendo wonse potengera madzi.

Choyamba, sankhani nyengo. Miyezi ya pakati pa Meyi ndi Sepitembala ndiyo yabwino chifukwa masana dzuwa siliwotcha kwambiri, ngakhale kuti usiku kumazizira zedi. M'miyezi yomweyi nthawi zina kumawomba mphepo yotentha yochokera kum'mawa, yonyamula mchenga, ndipo ikayamba ndi bwino kuchedwetsa ulendo.

Chachiwiri, werengerani madzi potengera masiku, osati makilomita. Mabampu ang'onoang'ono amene magalimoto amasiya pamsewu wa miyala amachedwetsa njinga, moti munthu wozolowera kupalasa makilomita 100 patsiku paphula angalephere kufika 70. Mukatero ulendowu ndi wa masiku 4. Konzerani malita 7 kapena 8 patsiku, akumwa ndi ophikira, ndipo kumbukirani kuti lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi. Ndiye kuti njinga yanu idzasenza katundu wa makilogalamu pafupifupi 30 musanaikepo tenti ndi chakudya. Gawani madziwo m'zigubu zing'onozing'ono zingapo, zina kutsogolo zina kumbuyo, kuti chimodzi chikabooka musataye onse. Oyendetsa magalimoto a alendo ambiri amaima ndi kugawira madzi munthu wapanjinga, koma ine sindingalangize munthu kuika moyo wake pa galimoto imene sanaione. Tengani mapaketi a ORS, pakuti thukuta limachotsa mchere m'thupi, ndipo mkodzo ukayamba kuda dziwani kuti mukumwa mosakwanira.

Chachitatu, konzani njinga musananyamuke. Ikani matayala aakulu, ndipo pamchenga phwetsani mpweya pang'ono kuti asatitimire. Nyamulani machubu awiri, zigamba, guluu, pampu, masipoko apadera ndi mafuta a tcheni. Madzulo alionse mangani mabawuti onse, chifukwa kugwedezeka kwa tsiku lonse kumawamasula.

Chachinayi, tengani chilolezo. Msewuwu umadutsa m'dera lotetezedwa la Namib-Naukluft, ndipo kugona m'malo ake ovomerezeka, monga Vogelfederberg ndi Mirabib, kumafuna chilolezo chimene mungagule ku ofesi ya unduna woona zachilengedwe ku Swakopmund, tauni yoyandikana ndi Walvis Bay. Malowa alibe madzi kapena nkhuni, choncho mufunika kachitofu ka gasi. Ndalama za ku South Africa, ma rand, zimalandiridwa ku Namibia pamtengo wofanana ndi dola yakumeneko.

Chachisanu, gawani tsiku motsatira dzuwa. Nyamukani m'mbandakucha, pamene kufupi ndi nyanja kumakhala nkhungu yozizira yobwera ndi madzi ozizira oyenda m'nyanja ya Atlantic, otchedwa Benguela. Dzuwa likafika paliwombo imani, mukoleke nsalu panjinga kuti mupeze mthunzi, popeza mitengo ndi yosowa, kenaka mupitirize likapendeka. Sungani mphamvu zokwerera zitunda za Kuiseb ndi Gaub, kumene msewu umatsikira m'zigwa za mitsinje youma n'kukweranso motsetsereka. Kukankha njinga pamenepo si chamanyazi.

Pomanga tenti pewani mchenga wa m'mitsinje youmayo ngakhale uli wofewa ndi wokopa, chifukwa mvula yogwa kutali kumapiri imatha kutumiza madzi osefukira kumwamba kuli mbee. Zikhomo za tenti sizigwira pamchenga, ndiye tsinjirizani zingwe ndi miyala. Tsekani zipi nthawi zonse ndipo kutumulani nsapato musanavale m'mawa, pakuti zinkhanira za m'derali zili ndi ululu woopsa. Zinyalala zanu zonse nyamulani.

Foni sigwira m'mbali zambiri za msewuwu, motero uzani munthu wodalirika tsiku limene mukuyembekeza kufika. Mukadutsa chikwangwani cha Tropic of Capricorn (mzere wa pamapu wosonyeza malire a kumwera a madera otentha a dziko lapansi), chomwe chili mukangopitirira Gaub, ndiye kuti gawo lovuta latha. Ku Solitaire kuli sitolo, malo ophikira buledi ndi malo omangapo tenti. Dzazani zigubu zonse musanalowe msewu wa C19 wopita ku Sesriem, pafupifupi makilomita 80 kuchokera pamenepo, kumene kuli chipata cholowera kumilu ya mchenga wofiira ya Sossusvlei.