Momwe ndinakonzera database kuti izigwira m'Chingerezi ndi m'Chifalansa

Pulogalamu ya pakompyuta yomwe ndinkakonza inapangidwa m'Chingerezi chokha, ndipo mawu a pamabatani ndi mauthenga onse anali atalembedwa m'kati mwa code, malangizo omwe pulogalamu imatsatira. Ndinawazula onse n'kuwaika mu database, nkhokwe yosungira zinthu za pulogalamu, pa table yatsopano ya magawo atatu: nambala ya uthenga, chizindikiro cha chilankhulo, en kapena fr, ndi mawu enieniwo. Munthu akasankha Chifalansa, pulogalamu imatenga mzere wa fr. Mzerewo ukasowa imabwerera ku en, chifukwa batani lopanda mawu limasokoneza kwambiri.

Zomwe zinandidyera nthawi ndi zilembo monga é, è ndi ç. Dzina loti Société linkatuluka ngati SociÃ©tÃ©. Gwero lake linali loti mawu ankasungidwa mu UTF-8 koma powerenga ankatengedwa ngati Latin-1, zomwe ndi njira ziwiri zosiyana zosungira zilembo mu kompyuta. Nditaika UTF-8 ponseponse, kuyambira pa table mpaka pa connection yolumikiza pulogalamu ndi database, zinalongosoka. Collation, lamulo losanjira zilembo, ndinaisinthanso, poti École inkagwera kumapeto, kuseri kwa Z, posanja mayina.

Manambala sindinawakhudze mu database ayi. Amasungidwa monga kale, ndipo 12.50 imasanduka 12,50 poonetsa pokha. Mabatani ena ndinangowakulitsa, chifukwa liwu la Chifalansa loti Enregistrer silinkakwana pamalo a Save.