Mmene ndinathetsera kudukaduka kwa mpira pa foni ku Mchinji

Masewero a Bullets ndi Wanderers ndimaonera pa foni, koma kwathu kuno, kufupi ndi malire a Zambia, chithunzi chinkaima mpira uli m'malere, ndipo bandulo inkatha chigawo chachiwiri chisanafike pakati. Nditafufuza ndinapeza kuti foniyo inkalumphira yokha pa netiweki ya ku Zambia, choncho ndinazimitsa roaming, yomwe imalola foni kugwiritsa ntchito netiweki ya dziko lina, n'kusankha ndekha netiweki ya kwathu.

Kenako ndinachepetsa kaonekedwe ka vidiyo kuchoka pa 720p (chithunzi chooneka bwino) kufika pa 360p (chithunzi chotsikirapo, chosadya bandulo kwambiri). Manambala a pa jezi saoneka bwino, komabe mpira umayenda osaduka. Ndinaletsanso WhatsApp kutsitsa yokha mavidiyo a m'magulu, omwe ankadya bandulo mwakachetechete. Tsopano mphindi 90 zimatha bandulo ikadalipo.