Kupita ndi ana ang'ono ku Zanzibar pa all-inclusive, mmene mungayendere kuchokera kuno ku Salima

Chibwerereni ku Zanzibar anthu sakundipatsa mpata, ena pa WhatsApp ena mpaka kundiimitsa pa Kamuzu Road ndikugula tomato, eti mayi munakwanitsa bwanji ndi ana awiri ang'onoang'ono chonchi, nde ndati ndingofotokoza kamodzi basi. Tinapita anthu anayi, ine, bambo a kunyumba, wamkulu wa zaka 5 ndi wamng'ono yemwe nthawi imeneyo anali asanakwanitse zaka 2, tinagona masiku asanu. Ndalama yake tinasonkha chaka chathunthu, ina ya banki m'khonde ina ya mpunga, musaganize kuti tinatola.

Choyamba mumvetse kaye chomwe mukugula. All-inclusive ndi pomwe mwalipira kamodzi chipinda, chakudya cha m'mawa, masana ndi madzulo, zakumwa ndi tokamwetsa tapakatikati, mukafika amakuvekani kachibangili pa mkono nde kameneko ndi komwe kamakudyetsani. Pali ina amati half board, imeneyo ndi m'mawa ndi madzulo basi, full board ndi katatu koma zakumwa mudzigulira nokha. Ambiri amasokoneza zimenezi, amaona mtengo wotsika nkuthamangira, akafika uko botolo lililonse la madzi akulemba pa bilu. Kwa ife Amalawi ubwino wa all-inclusive suli pa kudya kwambiri ayi, uli pa nkhani ya forex. Mukudziwa nokha mmene dola ikusowera ku banki, ndiponso mmene kwacha inagwera ndi 44% mu November 2023 anthu atagona bwinobwino, nde kulipiriratu zonse muli kuno kumakupatsani tulo, mwana akafuna juwisi kachitatu simuyamba masamu a mashilingi mumtima.

Koma dzina lisakunamizeni, sizonse zomwe zili mkati. Musanatumize ndalama alembereni a hotelayo akuyankheni molemba, osati pa foni. Afunseni ngati galimoto yokakutengani pa eyapoti ili mu mtengowo, chifukwa kuchoka pa eyapoti ya Abeid Amani Karume kukafika ku Nungwi, kumpoto kwa chilumbachi, ndi ulendo wopitirira ola, siwoyenda pansi. Afunseni za msonkho wa boma womwe amadula madola angapo pa munthu usiku uliwonse, mahotela ambiri amautenga paokha pofika kapena potuluka. Afunseni ana amalipira kuyambira zaka zingati, kabedi ka mwana amapereka ulere kapena ayi, nanga all-inclusive yanu imatha nthawi yanji tsiku lonyamuka. Ife chomalizachi sitinafunse, anatidula kachibangili cha m'ma 11 m'mawa pomwe ndege inali ya madzulo, nkhomaliro ya tsiku limenelo inatilasa mpaka bambo anangoti chete njira yonse. Kuchapitsa zovala, ayisikilimu wa m'mapaketi, maulendo a pa boti, womulera mwana usiku, zimenezo pafupifupi kulikonse ndi za thumba lanu.

Tsopano nkhani ya madzi, apa nde ndikhalitsapo chifukwa ife a kunyanja timadzimva kuti madzi timawadziwa. Tinakulira ku Senga Bay, mwera timaudziwa, mwana wathu wamkulu amasambira ngati kambuzi. Koma abale nyanja ya mchere ndi chinthu china. Yathuyi ukaisiya apa m'mawa madzulo uipeza pompo, ya uko imachoka. Kawiri pa tsiku madzi amabwera nkudzaza, kawiri amathawa, ndipo nthawi yake imasuntha, tsiku lililonse imachedwerako pafupifupi ola. Mbali ya kum'mawa kwa chilumbachi, ku Paje, Jambiani, Kiwengwa ndi Matemwe, madzi akathawa amapita kutali zedi mpaka umangoona mchenga ndi miyala, amayi akulima ndere zawo za m'nyanja pomwe m'mawa panali madzi ofika m'khosi. Kukongola kwake nde kulipo, ndipo kwa mwana wongoyamba kuyenda timadzi totsalira m'maenje timamukwanira kusewera, koma ngati mukufuna zosambira nthawi iliyonse yomwe mwafuna sankhani kumpoto, Nungwi kapena Kendwa, kumeneko madzi sathawa kwambiri. Ife tinasankha kumpoto ndipo nditati ndibwererenso ndingapite komweko. Pa resepushoni amakhala ndi ndandanda wa nthawi za madzi, muziuona m'mawa uliwonse, ndipo musalole ana kutsatira madzi othawa okha, akamabwerera sachita kulengeza.

Ng'ona ndi mvuu kulibe, likodzo m'madzi a mchere mulibenso, zimenezo pumulani. Chomwe chilipo ndi tizilombo takuda tozungulira ta minga thupi lonse timabisala m'miyala, mwana akaponda holide yathera pompo, nde muwagulire nsapato za m'madzi kapena tipulasitiki tomanga kumbuyo, osati patapata. Komanso muwauziretu kuti madziwa samwa. Wathu anazolowera kumeza a kuno, atangodumphira anatuluka akulira maso ali psuu, anakana nyanja tsiku lonse nkumangokhala mu swimming pool. Pa pool paja pamafunika maso kuposa ku nyanja, chifukwa aliyense amaganiza kuti mnzake akuyang'ana. Ife tinagawana, wina akapita kukatenga chakudya amanena mokweza kuti ana ndakusiyirani, winayo ayankhe, ngati kupatsana shifiti ku chipatala.

Nthawi yopitira muiganizire limodzi ndi sukulu. Holide ya Pasaka imagwera pa mvula yawo yaikulu, March mpaka May, mitengo imatsika inde koma mutha kukakhala m'chipinda ndi ana otopa nkumaonera makatuni omwe mukanaonera kuno. Holide ya August ndi yabwino, kumakhala kouma komanso kosatentha kwambiri, kungoti azungu nawo amadzaza nthawi yomweyo nde bukani msanga. December kumatentha ngati Salima wa mu October ndipo mitengo ya Khirisimasi ndi ya misala.

Mapepala yambani miyezi ingapo kusanache. Mwana aliyense, ngakhale wakhanda, amafunika pasipoti yakeyake, ndipo ku Immigration akafuna satifiketi yobadwira ya ku NRB, nde ngati mulibe yambirani pamenepo. Musagule tiketi pasipoti isanatuluke, chonde, mukudziwa mmene zimachedwera nthawi zina. Yanu akuluakulu ikhale ndi miyezi 6 yotsala. Viza siifunika kwa ife Amalawi polowa Tanzania kukacheza, koma Zanzibar kuyambira pa 1 October 2024 inakhazikitsa inshuwalansi yakeyake ya alendo, inayamba pa $44 munthu wamkulu, imagulidwa pa intaneti ku Zanzibar Insurance Corporation, lowanipo muone zomwe banja lanu likuyenera kulipira musananyamuke ndipo musindikize pepala lake. Khadi yachikasu ya yellow fever amaifunsa ngati mwadzera dziko lomwe kuli matendawa monga Kenya kapena Ethiopia nkukhalako maola opitirira 12. Ngati mukuyenda kholo limodzi tengani kalata ya chilolezo ya mnzanuyo ndi fotokope ya ID yake. Ndipo kabuku ka kusikelo kaikeni mchikwama, dokotala wa uko akafuna kudziwa kulemera kwa mwana musamachite kuganizira.

Kayendedwe. Kuchoka pa Salima ndi M14 kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 100, mukatulukira ku Kanengo nkukhotera ku Lumbadzi ku KIA, koma ngati ndege ndi ya m'mawa kagoneni kwa achibale ku tauni, mapiri aja ndi thiraki imodzi yofera pamsewu mwatsala. Chapafupi ndi kuuluka kupita ku Dar es Salaam, kuchoka apo mukwere kandege ka mphindi 20 kapena sitima ya pamadzi ya maola awiri yokafika ku Stone Town, tauni yakale ya ku Zanzibar. Sitimayo ana amaikonda koma nyanja ikavuta amasanza, muwadyetse pang'ono ndipo khalani pakati. Mu ndege mwana wosakwana zaka 2 amakhala pamiyendo nkulipira kachigawo kochepa ka tiketi, nchifukwa chake ife tinathamangira asanakwanitse. Ndege ikamanyamuka ndi potera muyamwitseni kapena mpatseni chomwa, makutu sapweteka. Ya basi ilipo, kudzera ku Karonga, Songwe, Mbeya mpaka Dar, amalonda amayenda imeneyo daily, koma ndi yopitirira tsiku lathunthu muli pampando, ndi mwana wa thewera ine ayi ndithu. Kumbukiraninso kuti wotchi ya uko ili patsogolo ndi ola limodzi, komanso Aswahili amawerenga nthawi mwawo, dalaivala akati saa moja asubuhi akunena 7 koloko m'mawa osati 1.

Zonyamula musadzaze masutikesi, ana amatha tsiku lonse ali ndi kabudula mmodzi. Zofunika ndi mapampasi okwanira kuphatikiza osambira nawo chifukwa mu shopu ya hotela ndi odula, Panado wa ana, Thanzi, mafuta othamangitsa udzudzu, zipewa, mafuta oteteza ku dzuwa, inde ngakhale ife akuda timapsa, wamng'ono anasupuka mapewa tsiku lachiwiri. Chitenje tengani ziwiri kapena zitatu, chimabereka, chimafunda, chimatchinga dzuwa, ndipo mukapita ku tauni mumadzimangira poti kumeneko ambiri ndi Asilamu, zoyenda ndi zosambira mumsewu sizimveka, zomwe kwa ife a ku Salima sizachilendo. Majumbo apulasitiki siyani, Tanzania inaletsa mu 2019. Madola akhale atsopano osang'ambika, ndi timapepala ta $1 ndi $5 tothokozera ogwira ntchito, si lamulo koma mtsikana yemwe amakukonzerani chipinda chodzaza mchenga tsiku ndi tsiku akuyenera. Khadi ya banki muwauziretu a banki kuti mukutuluka ndipo mufunse malire ake.

Ndipo tengani ufa wa phala, Likuni yemwe mwana anazolowera. Ku bufe kumakhala zinthu mbwee, octopus, pasta, tchizi za mitundumitundu, koma mwana wa chaka amayang'ana zonsezo nkutseka pakamwa. Ine ndinkapita ku kitchini m'mawa nkupempha andiphikire, sanakane ngakhale tsiku limodzi. Nsima mukaifuna nenani ugali, ophika ambiri ndi anthu akomweko amadya yomweyo, ukapempha bwino imabwera. Wamkulu ankadya mpunga, nkhuku, chipisi ndi chinanazi, ndinasiya kulimbana naye. Pitani kukadya akangotsegula, chakudya chikadali chotentha komanso mizere isanayambe, madzi akumwa a m'botolo okhaokha ngakhale otsukira mkamwa ana. Ndipo tsiku loyamba adziletseni pa juwisi ndi makeke, poti zaulere mwana amamwa mpaka m'mimba kutseguka.

Mahotela ambiri otere amakhala ndi kids club, malo omwe ana amasewera pali owayang'anira, koma kawirikawiri amalandira kuyambira zaka 4, wocheperapo mpaka kholo likhalepo, nde musalote kuti mukagona pa mchenga awiriwiri ngati a pa chinkhoswe. Dzuwa la 11 mpaka 3 koloko ana akhale pa mthunzi kapena agone, nyanja ndi ya m'mawa ndi madzulo.

Kutuluka panja kamodzi kapena kawiri nkokwanira, poti tsiku lililonse lomwe mwadya kunja mwalipira kawiri. Anyamata a pagombe azikutsatani ndi maulendo a ma dolphin, ali ngati anyamata athu a ziboliboli ku Senga Bay, kukana mwaulemu amamva, ndipo boti lopanda ma life jacket a saizi ya ana musakwere olo atsitse mtengo bwanji. Kwa ana zabwino ndi akamba a m'madzi ku Nungwi, afulu akuluakulu a pa Prison Island, kapena anyani ofiira ku nkhalango ya Jozani. Ife tinasankha Stone Town chifukwa bambo kwawo ndi ku Nkhotakota, anakula akumva za Jumbe yemwe ankatumiza akapolo kuwoloka nyanja yathuyi kupita ku gombe la nyanja ya mchere, nde anafuna aone tchalitchi cha Anglican chomwe chinamangidwa pamalo pa msika wa akapolo womwe unatsekedwa mu 1873. Anakhalamo nthawi yaitali osayankhula, ine ndili panja ndi ana akulirira madzi a kokonati. Tinjira ta mmenemo ndi topanikizika, pulemu ya mwana isiyeni ku hotela, mberekeni basi.

Mukabwerera, mwana akatentha thupi m'masabata otsatirawo pitani naye akayezedwe malungo ndipo munene komwe munali. Zovala zonse zosambira muzitsuke ndi madzi abwino musanapakire, ife tinangozikulunga zonyowa, pofika pa Salima sutikesi yonse inkanunkha ngati thandala la usipa.