Mwana ayambire ku Ivy Tech, fizi ichepe

Abale amene muli ku Indiana ku America, makamaka ku South Bend komwe Amalawi tachulukako, ngati mwana wamaliza sekondale ndipo fizi ya yunivesite ikukusowetsani tulo, muyambitseni ku Ivy Tech, adzamalizire ku yunivesite. Ndi koleji ya boma ya zaka ziwiri, ndipo fizi yake ndi yotsika kwambiri poyerekeza ndi ya yunivesite.

Nkhani yagona pa kasankhidwe ka makalasi. Asanalembetse kalasi iliyonse, ayang'ane kaye ngati ili pa mndandanda wa Core Transfer Library. Makalasi a pamndandandawo mayunivesite a boma a mu Indiana, monga Purdue ndi Indiana University, amawalandira. Digiri ya zaka zinayi imafuna ma credit (mapointi omwe mwana amapeza akakhoza kalasi) pafupifupi 120, ndiye akatenga 60 ku Ivy Tech, theka la ulendo wayenda motchipa. Komabe afunsenso ku yunivesite yomwe akufuna kukathera, chifukwa kalasi ikhoza kulandiridwa koma osawerengedwa pa digiri imene iye akufuna, ndalama n'kulowa m'madzi.

Amene ali ndi green card adzaze msanga FAFSA, fomu yopemphera thandizo la fizi ku boma, kudzaza kwake n'kwaulere. A viza ya ophunzira ya F-1 thandizo la boma limeneli siliwakhudza.